Zipatso Zosakwera Minibasi

Bokosi la Mgodi, Kitwe
10 Januwale 2000

Mng'ono wanga Obadiah,

Moni m'dzina la Ambuye. Ife kuno tili bwino. Mlamu wako Dolly ali bwino, ndipo mwana wathu Lulu wayamba giredi 9. Kaya iwe ku Peru kumeneko, popeza kalata yako yomaliza inafika Ogasiti, kuchokera pamenepo zii. Mwina mainjiniya a kunja salemba okha, amadikira mlembi. Koma ine amene ndinakuphunzitsa kugwira cholembera ndikukumbuka kuti zala unali nazo zonse.

Kuntchito zikuyenda. Ukumva kuti migodi ikugulitsidwa, koma usade nkhawa. Mgodi ungasinthe eni ake, makiyi a sitolo amafunabe munthu wodziwa pamene pagona bawuti iliyonse.

Chimene ndalembera ndi ichi. Njere zija unatumiza 1997 m'kachitini ka makala onyowa, zimene unati ndi araza wa m'nkhalango ya Amazoni, zinamera khumi ndi ziwiri kuseri kwa nyumba kuno ku Kwacha. Mtengo umodzi unauma ndi chisanu cha Juni. Yotsalayo yandipitirira msinkhu pang'ono, ndipo tsopano yabereka. Zipatso zake ndi zazikulu ngati nkhonya, zobiriwira, zaubweya pang'ono. Undiuze: zimathyoledwa liti, ndipo zimasungidwa bwanji? Ndikungofunsa mocheza, pakuti ndi kantchito ka Loweruka masana chabe. Komabe uyankhe msanga.

Ndine mkulu wako,
Manasseh Nyendwa
Senior Storeman


Masala, Ndola
14 Januwale 2000

Alongo anga a Senior Storeman,

Moni. Ine ndili bwino, kupatula mwendo uja umene umadana ndi mvula. Kaya inu ndi mlamu wanga.

Amon, dalaivala wa minibasi wa kumpingo kwathu uja, wandipatsa kalata yanu yopita kwa Obadiah kuti ndiikire sitampa. Ndaiponya. Koma envelopu simunamate bwino, mwina malovu nawonso anawachotsa ntchito, choncho ndawerenga. Ndaseka mpaka amayi a pabenchi loyandikana nane kumsika anabwera kudzandigwira. Makiyi a sitolo! Makiyi munabweza Juni 1998, pamodzi ndi chipewa ndi nsapato za kampani. Chimene anakusiyirani ndi tayi, ndipo Dolly akuti mumavala m'mawa uliwonse pothirira mitengo yanu ija, atumwi khumi ndi awiri. Pepani za Yudasi amene anauma.

Mukudandaula kuti mwana sakulemba. Nanga adiresi imene ali nayo si bokosi la mgodi? Amene ankakutengerani makalata mobisa ndi a Jairus a mu ofesi, ndipo a Jairus nawonso anawachotsa Seputembala. Pitani pageti mukafunse nokha. Ndikudziwa simupita, poopa kuti mlonda akuonani mulibe chitupa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, alongo.

Tsono tikambe zenizeni. A Shadreck, mkulu wa mpingo mnzanu, akufuna nyumba yanu kuti aisandutse golosale. Inu munalonjeza Dolly pamaso panga kuti ikafika Lachisanu, 28 Epulo, mitengo isanabweretse ngakhale thumba limodzi la ufa, musaina pepala la a Shadreck n'kubwerera ku Katete. Ku Katete kumene munachoka 1971 ndi kabudula mmodzi, kumene munda wa atate unamera minga, kumene Lulu azikayenda maola awiri kupita kusukulu. Ine sindifuna kuti mupite. Ndinu otopetsa, koma ndinu otopetsa anga, ndipo Ndola ndi Kitwe ndi ola limodzi basi.

Choncho ndakupezerani wogula. Kuno kuli mayi wina wa nyumba ya alendo, kumene kukugona azungu obwera kudzaona migodi ngati anthu osankha mbuzi pamsika. Akuti alendo ake amakonda zinthu zimene sanazionepo. Mukatumiza zipatso makumi awiri zooneka bwino, azitenga sabata iliyonse. Zikapsa mumupatse Amon.

Ndine mlongo wanu,
Felistas


Kwacha, Kitwe
3 Febuluwale 2000

Felistas,

Moni. Za kuwerenga makalata a eni sindikambapo, Mulungu amaona. Pageti sindipita. Kalata ikanakhalapo akanandiitana, pakuti kumgodi dzina la Nyendwa amalidziwa.

Landira thumba ili kwa Amon. Muli zipatso 35, osati makumi awiri, kuti mayiyo adziwe kuti akuchita malonda ndi munthu wa kampani. Ndinadikira kuti zipse bwinobwino pamtengo, zachikasu mbali zonse, chifukwa sindine wa pamsika wogulitsa anthu zosapsa. Fungo lake lokha ladzaza msewu wathu wonse, moti anthu akuima pampanda kufunsa. Ndamanga thumbalo ndi waya kuti zisagubuduke.

Mtengo usatchule iwe. Unene kuti eni ake abwera kudzakambirana.

Mkulu wako,
M. Nyendwa


Masala, Ndola
4 Febuluwale 2000

Alongo,

Moni. Katundu wa kampani wafika, ndipo Ndola yense wamva.

Amon anaika thumba lanu pansi pa mpando wakumbuyo. Pamwamba pake panakhala batire ya galimoto, pamwamba pa batire ndowa ya kapenta, pamwamba pa ndowa panatsamira mayi wina amene Mulungu sanam'mane thupi. Kenaka msewu wa Kitwe ndi maenje ake unachita mbali yake. Asanafike theka la ulendo, madzi achikasu anali akuyenda pansi pa mapazi a anthu. Akuti fungo linali lokoma kwambiri moti bambo wina anayamba kufunsa mkazi wake kuti mafuta odula otere wampatsa ndani. Paroadibuloko wapolisi analowetsa mutu, n'kununkhiza, n'kuiwala kufunsa laisensi. Pa chimenechi Amon akuti zikomo.

Nditamasula waya wanu ndinapeza phala. Phala lenileni, njere zikusambira m'katimo. Ndinaviika chala n'kulawa, ndipo mpaka pano mano anga ayayamira ngati a ana a m'Baibulo aja. Ndimu ndi shuga poyerekeza ndi chimenechi. Kununkhira konse kuja! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinakhuthula zonse m'ngalande kuseri kwa msika, njuchi zikundithamangitsa.

Ziwiri zokha zinapulumuka pakona ya thumba. Ndinaziika pambale usiku, m'mawa ndapeza zafewa ngati tomato wa pansi pa bokosi, ndipo pamene ndinagwira dzulo pali chidindo cha chala changa. Chipatso chotani chimene chimasunga mangawa chifukwa choti wachigwira?

Mayi uja ndamuuza kuti kontena yachedwa pamalire. Wandipatsa masabata anayi.

Tsono mverani wa pamsika amene mumamunyoza. Ndagulitsa zipatso zaka 22. Palibe chipatso chimene chimakwera minibasi chitapsa. Makotapela, mango, mapapaya, zonse timathyola zili gwa, zobiriwira, n'kuziika m'thumba pamodzi ndi nthochi pansi pa bedi, ndipo zimapsa zokha mwaulemu pa tsiku limene tikufuna. Chitani chomwecho. Izi kumgodi sanakuphunzitseni chifukwa bawuti sipsa.

Felistas


Kwacha, Kitwe
21 Febuluwale 2000

Kwa Pulofesa wa Zipatso, Yunivesite ya Masala,

Moni, a Pulofesa. Ndatsata maphunziro anu mosaphonya. Ndinathyola 40 zobiriwira, zolimba ngati miyala, ndinaziika m'thumba ndi nthochi pansi pa bedi. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri. Ndine wokondwa kukudziwitsani kuti nthochi zinapsa bwino kwambiri, ndipo Lulu wadya.

Araza sanasinthe mtundu. Wangonyala, khungu lachita makwinya ngati mawondo a nkhalamba, fungo palibe, ndipo nditadula chimodzi m'kati munali mouma ndi mowawa. Zipatso 40, zimene zikanakhala pamtengo zikanakula, zapita kudzala chifukwa cha zaka zanu 22. Dolly anangotenga kalendala ya mpingo n'kuipachika moyang'anana ndi mpando wanga.

Tsopano ndisiyeni ndigwiritse ntchito mutu. Ndakhala ndikulemba pakhadi monga tinkachitira kusitolo. Chipatso chikagwa chokha chili chachikasu, tsiku loyamba chimanunkhira, lachiwiri chimafewa, lachitatu chimanunkha mowa. Vuto lake ndi liwiro. Nanga chimene chimaimitsa liwiro la kuola n'chiyani? Firiji. Ndipo firiji ndili nayo, yaikulu ija anandipatsa kumgodi nditakwanitsa zaka makumi awiri, imene iwe umati ndigulitse. Ndatulutsa ndiwo za Dolly, ndaikamo zipatso 30 zimene zangoyamba kumene kuchita chikasu, ndipo ndapotoza kabatani mpaka nambala yomaliza. Zikhala m'menemo sabata yonse, ndipo Lachiwiri ndibwera nazo ndekha, katoni ili pamiyendo.

Obadiah sanayankhebe. Ndinamunyamula paphewa kupita naye kusukulu ya mgodi, lero ndikamufunsa funso limodzi la zipatso akuona ngati ndikumupempha ndege. Zimandipweteka, Felistas, sindinama.

M. Nyendwa


Masala, Ndola
2 Malichi 2000

Obadiah, mlongo wanga,

Moni. Ndine Felistas, amene ndinkakuchapira matewera, ngati mainjiniya amakumbuka zotero. Adiresi yako ndinakopera pa envelopu ya akulu ako. Ndikukhulupirira uli moyo. Ngati unamwalira utidziwitse, tileke kukunena.

Ndikuuza zimene akulu ako sangakuuze ngakhale utawaika mpeni pakhosi. Ntchito inatha Juni 1998. Kalata iliyonse imene anakulembera kuchokera pamenepo, ya makiyi ndi mabawuti, analemba atakhala pampando wa pakhonde atavala tayi. M'nyumba akudya zitumbuwa zimene Dolly amagulitsa pamsewu. Mitengo yako ija si kantchito ka Loweruka. Ndiwo mgodi wawo wotsala, ndipo pa 28 Epulo ikakhala isanabweretse kanthu, nyumba ya ku Kwacha ipita kwa a Shadreck, iwo apita ku Katete kukaphunzira khasu ali ndi zaka 51.

Tayesa zonse. Zakupsa zinasanduka phala mu minibasi. Zobiriwira, nzeru yanga imeneyo ndikuvomera, zinanyala osapsa. Dzana anabwera okha ndi za mufiriji, zimene anathyola zitangoyamba chikasu. Potuluka ku Kitwe akuti zinali zokongola ngati za pachithunzi. Titafika kwa mayi wa nyumba ya alendo, akulu ako anakonza tayi, anakamba za Amazoni mphindi khumi ngati anabadwira komweko, kenaka anatsegula katoni. Obadiah, zipatso zonse zinali ndi mabala akuda ngati zawauka pamoto, zina zitabonyoka, fungo lija litathawa. Kuzizira kungawotche chinthu? Mayiyo anadula chimodzi, anayang'ana, anapukuta mpeni, nati, "Zikomo bambo, tidzakuitanani." Mawu omwewo anawauza kumgodi tsiku lobweza makiyi. Ndinawaona akulu ako akunyamula katoni ija, ndipo ndinalephera kuwaseka. Ine, Felistas, kulephera kuseka.

Tsono iwe, unatumiza njere za chipatso chimene sichifuna dzuwa, sichifuna thumba, sichifuna firiji, sichifuna kugwiridwa. Kwanuko amadya bwanji, amachita kukwera mumtengo n'kuluma chili pomwepo? Yankha lero lomwe. Usalembe ku bokosi la mgodi. Lemba ku bokosi la mpingo wathu wa Reformed kuno ku Masala, adiresi ili kuseri. Ndalama sindikupempha. Ndikupempha nzeru, zimene tinamva kuti unapita nazo zambiri.

Mlongo wako,
Felistas


Pucallpa, Peru
8 Epulo 2000

Alongo anga a Felistas,

Moni. Kalata yanu yafika dzulo, yayenda masabata asanu. Ndaiwerenga nditaimirira, kenaka ndinakhala pansi. Iyi ndikutumiza pa positi yachangu, ndipo ndikupemphera ifike 28 isanakwane.

Ndinalembera akulu katatu, Okutobala, Disembala ndi Febuluwale, ku bokosi la mgodi. Ya Okutobala inali ya zipatso zokhazokha, chifukwa ndinawerenga miyezi ndipo ndinadziwa kuti zili pafupi kubereka. Kuchokera kwa iwo chaka chino sindinalandire kalata, ndipo ndimaganiza kuti sakuyankha chifukwa atanganidwa ndi makiyi.

Mverani bwino. Araza akathyoledwa wobiriwira kwambiri sapsa, amangonyala. Akapsa pamtengo ali ndi masiku awiri kapena atatu basi. Nthawi yake ndi pamene chikasu changoyamba, ndipo zija akulu anaika mufiriji anathyola pa tsiku loyenera. Chimene chinazipha ndi firiji. Chipatso cha kunkhalango yotentha sichidziwa chisanu, chimachita mabala. Chimafuna mthunzi, palichero, chimodzichimodzi, osasanjikiza.

Koma chachikulu ndi ichi: kuno palibe amene amagulitsa araza wathunthu kutali, ndipo palibe amene amamudya ngati mango. Tsiku lomwelo wafewa timachotsa njere, timasefa, timathira madzi ndi shuga. Kapu imodzi ya phala lake imakwana makapu anayi kapena asanu a madzi. Phala limenelo ndilo limakonda firiji, likauma ngati mwala limakhala miyezi fungo lili lonse. Chimene munakhuthula m'ngalande ku Masala, alongo, ndicho katundu weniweniyo. Minibasi ya Amon inakugwirirani theka la ntchito kwaulere.

Mufunsa kuti injiniya wadziwa bwanji zonsezi. Ku Pucallpa kulibe mgodi. Kuli mtsinje, matabwa ndi udzudzu. Kampani yobowola miyala imene inandibweretsa kuno inatseka 1997, ndipo kuyambira pamenepo ndimagwira ntchito pakafakitale kosefa zipatso. Ndimavala epuloni ya pulasitiki ndi kansalu kumutu. Pamene ndinkatumiza njere zija ndinkafuna kulemba zoona, koma ndinakumbukira mmene akulu anavinira pabwalo la ndege ku Ndola tsiku limene ndinanyamuka, ndipo ndinangolemba kuti "yesani kudzala izi."

Muwauze ndinu. Ine ndilibe nkhope.

Mlongo wanu,
Obadiah


Kwacha, Kitwe
19 Epulo 2000

Ba Mulamu,

Mwapoleni mukwai. Ine kulemba si kwanga, koma nalemba chifukwa nili na mantha.

Bashi Lulu, alongo anu, aleka kuvala tayi. Zaka ziwiri nakhala nikuwanena pa tayi ija, manje aivula, nipo nikufuna aivalenso. Sakamba na munthu. Mitengo sathirira. Zipatso zikugwa zokha, zikuola pansi, nkhuku za aneba zikudya mpaka kuyenda mopepesuka monga zachoka ku tarveni. Fungo lili ponseponse, awe mwandi, monga nyumba ikutiseka.

Ba Shadreck anabwera Sande pambuyo pa mapemphero, Baibulo kukhwapa, tepi yopimira m'thumba. Akuti pa 28 abwera na pepala, koma akufuna apeze kuseri kuli mbee, chifukwa pamene pali mitengo ndipo pazaima lole yotsitsa katundu. Bashi Lulu anangoti "chabwino." Dzulo nawapeza akunola nkhwangwa. Akuti azadula okha pa Chinayi, pa 27, safuna munthu wina agwire mitengo yawo.

Mulamu, lonjezo lija nine nawakakamiza, nivomera. N'nali n'tatopa na zitumbuwa. Koma ine n'nabadwira mu Kitwe, khasu sinilidziwa, na Lulu akulira. Nawauza kuti tiyeni tidikireko chaka china, akuti mkulu wa mpingo sabweza mawu. Ku Peru kulibe nkhani? Ngati kuli kanthu bwerani, imwe amakumverani olo amachita monga samvera.

Ine mulamu wanu,
Dolly


Masala, Ndola
26 Epulo 2000, 15 hours

Alongo,

Ikani nkhwangwa pansi. Kalata ya Obadiah yafika lero, abusa andipatsa tsopano lino. Mwanayo analemba katatu, makalata ali pageti pamene munakana kupita. Tonse awiri ndife zitsiru, inu cha tayi, ine cha zaka 22. Phala lija ndilo ndalama.

Musadule kanthu. Musasaine kanthu. Tolani zonse zimene zagwa lero, ngakhale zofewa, muike palichero pamthunzi. Firiji muitsuke. Ndikumupatsa Amon kakalata aka kuti akafike nako madzulo ano, ine ndibwera mawa ndi sefa.

Felistas


Kwacha, Kitwe
15 Meyi 2000

Mng'ono wanga Obadiah,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili moyo. Kaya iwe ndi udzudzu wa ku Pucallpa.

Mlongo wako anandilembera kakalata koti ndisadule mitengo, n'kupatsa Amon. Minibasi ya Amon inathyoka chitsulo panjira, ndipo kakalatako kanagona m'thumba la malaya ake mpaka Loweruka. Ine Lachinayi ndinayamba 6 koloko m'mawa. Ndinkadula pang'onopang'ono, chifukwa uliwonse ndinkaudziwa. Pamene Felistas ankalowa pampanda cha m'ma 10, sefa kumutu, shuga kukhwapa, akukuwa kuyambira pamsewu ngati kwagwa maliro, isanu ndi itatu inali pansi. Yatsala itatu. Iye akuti ndi Petro, Yakobo ndi Yohane, ndipo akuti ine ndine Herode.

Anandiwerengera kalata yako nditakhala pachitsa. Kenaka iye ndi Dolly anatola zipatso pa nthambi zomwe ndinagwetsazo, anasefa, anathira madzi ndi shuga, anathira m'timapulasitiki n'kuika mufiriji yanga ya zaka makumi awiri. Lachisanu a Shadreck anabwera ndi pepala lawo. Felistas anawapatsa kamodzi kozizira. Anayamwa, anatseka maso, anapempha kachiwiri. Ndinawauza kuti lonjezo langa linali lakuti mitengo ikalephera, ndipo mtengo umene wachititsa mkulu wa mpingo kupempha kachiwiri sunalephere. Sindinasaine. Tsopano kutchalitchi amandipatsa moni ndi zala ziwiri.

Loweruka ndinanyamula bokosi lozizira kupita kumsika wa Chisokone ndekha. Ndinaima pafupi ndi pokwerera minibasi, pamene anzanga a kumgodi amadutsa. Ola loyamba ndinkayang'ana pansi. Woyamba kugula anali a Jairus, amene tsopano amagulitsa malamba. Pofika 13 hours bokosi linali lopanda kanthu, ndipo madzulo Dolly anagula thumba la ufa n'kuliika pampando wanga kuti ndilione bwino.

Usaganize kuti talemera. Mitengo itatu sidyetsa banja, ndipo zipatso za chaka chino zikutha. Zitumbuwa zikadalipo. Koma zitsa zisanu zayamba kuphuka, ndipo njere zimene zimatsala m'sefa ndikuzidzala zisanaume, monga unanenera m'kalata ya Okutobala.

Inde, ndinapita pageti. Mlonda sanandifunse chitupa. Anati, "Ba Nyendwa, mwasowa," ndipo anandiuza kuti nayenso mwezi uno ndi womaliza. Anandilowetsa m'kachipinda mmene muli makatoni anayi a makalata a anthu amene anachotsedwa ntchito, ena makoswe atayamba kale kuwerenga. Ako atatu ndinawapeza pansi. Ya Okutobala ndinaitsegula pomwepo. Mzere woyamba pambuyo pa moni unali wakuti, "Akulu, chilichonse chimene mungachite, musaike mufiriji." Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunatha. Mitengo isanu ndi itatu, ndi ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi.

Za epuloni yako ndamva. Ndinakwiya tsiku limodzi lathunthu. Ndinakuphunzitsa zaka zonsezi kuti ukasefe zipatso kutsidya kwa nyanja? Kenaka ndinayang'ana manja anga, achikasu mpaka m'zikhadabo. Ukanandiuza 1997, ine ndikanakuuza 1998, ndipo tikanasunga masitampa ambiri. Pabwalo la ndege ndinavina chifukwa unali mng'ono wanga, ndipo ukadzabwera ndi epuloni yakoyo ndidzavinanso, ngakhale mawondo ayamba kukana.

Undiyankhe izi: zitsa zophuka ndisiye mphukira zingati? Nanga shuga angachepe kufika pati anthu osadandaula? Felistas akuthira ngati shuga ndi wa boma.

Ulembe ku Nyumba Nambala 614, Kwacha, Kitwe, kudzera ku bokosi la mpingo. Pa envelopu ungolemba dzina langa, zina zija usiye.

Ndine mkulu wako,
Manasseh